Dzino likakuvutani nthawi ya mliri: chochita ndi chiyani, ndipo siyani makapisozi aja

Moni nonse, takulandiraninso pa tchanelo chathu. Dinani kaye subscribe ndi kabelu kaja, ndiye tiyambe.

Mliri ngati wa COVID-19 ukavuta, madokotala a mano amachepetsa ntchito, chifukwa makina obowolera dzino aja amamwaza timadontho ta malovu mumpweya, dokotala ali pafupi penipeni ndi kamwa lanu ndipo inu simungavale masiki. Mu Ogasiti 2020 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linalangiza kuti zongoyeza ndi kutsukitsa mano zidikire kaye komwe matenda akufala kwambiri, koma zadzidzidzi zisadikire. Ndiye zadzidzidzizo ndi ziti?

Choyamba, kutupa. Tsaya likatupa mpaka kuyandikira diso kapena kutsikira kukhosi, thupi latentha, mukuvutika kumeza malovu, kutsegula pakamwa kapena kupuma, musadikire kuti kuche, pitani kuchipatala pompo ngakhale mliri uli mkati. Kutupa kwa pansi pa lilime kumatha kutseka njira ya mpweya, munthu n'kufa.

Chachiwiri, magazi osasiya mutazula dzino. Lumani kansalu koyera mwamphamvu mphindi 20, osamalavulalavula. Akapitirira, kuchipatala.

Chachitatu, dzino lagululuka pa ngozi. Ligwireni kumutu kwake, osati kumuzu, litsukeni pang'ono osalikwecha, libwezereni pamalo pake ngati mungathe. Zikakanika liyikeni mu mkaka, osati m'madzi, ndipo mufike kwa dokotala ola lisanathe. Koma la mwana, la mkaka lija, musabwezere.

Tsopano pano mundimvetsere bwino, chifukwa mumakomenti mwadzaza funso lomweli. "Dzino likundiwawa, ndimwe amoxicillin angati?" Abale anga, maantibayotiki ngati amoxicillin ndi mankhwala opha tizilombo ta mabakiteriya, si mankhwala a ululu! Dzino likabowoka, tizilombo timafika mkati momwe muli mtsempha, mtsemphawo umatupa koma watsekeredwa m'chinthu cholimba, ulibe kofufumira, n'chifukwa chake kumawawa usiku wonse. Mtsemphawo ukafa magazi safikanso mkatimo, ndiye kapisozi amene mwamwayo ayenda bwanji kuti akafikeko, poti mankhwala amayenda ndi magazi? Ena mumati "ndinamwa ndipo linasiya kuwawa". Nthawi zambiri ndi mtsempha uja wafa, tizilombo tidakalipo, tikupanga mafinya pansi pa muzu, pakapita masabata kapena miyezi tsaya latupa. Chimene chimathetsa vuto ndi manja a dokotala, kutulutsa mafinyawo, kutsuka mkati mwa muzu kapena kuzula. Maantibayotiki ali ndi malo ake, inde, pamene matenda ayamba kufalikira, koma akulembereni ndi dokotala. Chimandipweteka mtima ndi chakuti nthawi ya mliri anthu amaopa chipatala n'kumamwa otsala a mnzawo, awiri lero, mmodzi mawa, tizilombo n'kuzolowera, tsiku limene adzawafune zenizeni mankhwalawo osagwiranso ntchito. Tumizirani vidiyoyi m'bale wanu amene amasunga makapisozi, chonde.

Tinali pa chachingati? Chachinayi, ichi si chadzidzidzi, ndi ululu wamba podikira kuonana ndi dokotala. Wamkulu akhoza kumwa paracetamol 1000 mg, osapitirira kanayi pa maola 24, ndipo onetsetsani, mankhwala ambiri a chimfine ali kale ndi paracetamol mkati. Ibuprofen amathandiza kwambiri pa dzino, koma ngati muli ndi zilonda za m'mimba, vuto la impso kapena ndinu oyembekezera, funsani kaye. Chukuchani ndi madzi ofunda amchere, pitirizani kutsuka mano ngakhale pakuwawa. Aspirin musamuyike pa dzino, amawotcha nkhama.

Chachisanu, imbirani foni a chipatala cha mano musanapite. Auzeni zoona ngati mukutsokomola kapena mwapezeka ndi matendawo, cholinga si kukubwezani koma kuti akonzekere ndi kuteteza odwala ena. Ngati n'kotheka jambulani chithunzi cha potupapo muwatumizire, valani masiki podikira.

Vidiyo ya sabata yamawa tikamba za mano a ana, ndiye lembani mafunso anu mumakomenti, ndipo ngati simunadine like dinani pano.