Makalata a omvera: Mitengo ikukwera, nanga masheya anga akugweranji?

Takulandirani nonse omvera athu, kaya muli pakhomo, paulendo, kapena mwangoweruka kumene. Sabata ino makalata abwera ochuluka, ndipo ambiri akuimba nyimbo imodzi: zinthu m'masupamaketi zakwera mtengo, kodi tigule masheya (timagawo ta umwini wa kampani) a masitolo amenewa kuti nafenso tidye nawo? Pali kalata imodzi imene ndaibwereza katatu. Ndiyambira pa imeneyo, enanu mundipirire.

Alemba ndi mayi wina wamasiye, ndipo apempha kuti dzina tisatchule. Akuti:

"Amuna anga atamwalira ndinalandira ndalama zawo za penshoni. Mwezi ndi mwezi ndinkaona ndalama ya pa lisiti ikukula, koma thumba la katundu likupepuka. Ndinati mumtima, anthu awa akulemerera pa ife, bwanji nanenso ndikhale mmodzi wa eni ake? Munthu angasiye kugula nsapato, koma kudya sangasiye. Ndinaika theka la ndalamazo m'masheya a kampani ya supamaketi imene ndinkagulako. Papita chaka ndi miyezi, mitengo ikukwerabe koma masheya atsika. Chondichititsa manyazi n'chakuti inenso ndinasiya kugula kumeneko. Ena anatsegula sitolo yotchipa pafupi, ndipo Loweruka lililonse ndimaima pamzere kumeneko, thumba lolembedwa dzina la kampani yangayo nditalitembenuza kuti dzinalo lisaoneke. Ana anga sindinawauze. Kodi ndinapusa?"

Mayi anga, choyamba pepani ndi imfa ya abambo. Chachiwiri, simunapuse. Maganizo amene munali nawo agwetsapo anthu ophunzira kwambiri za ndalama, ndipo mmodzi ndimutchula posachedwapa. Chinakusokonezani n'chakuti munaona ndalama ikulowa pa tilu, mukayesa kuti yonse imagona momwemo. Ndalama ya m'supamaketi imangodutsa ngati madzi mumpope, ndipo amene amatsalira ndi madontho.

Ndipereke chitsanzo cha ku Britain, chifukwa kumeneko nkhaniyi anaifufuza poyera. Mu Malichi 2023 mitengo ya zakudya inali itakwera ndi 19 peresenti kuyerekeza ndi chaka cham'mbuyo, kukwera kumene anali asanakuonepo kwa zaka zoposa 40. Anthu anakwiya monga munakwiyira inu, nanena kuti masitolo akuwadyera masuku pamutu. Bungwe loyang'anira mpikisano wa malonda, la Competition and Markets Authority, linatulutsa lipoti mu Julayi chaka chomwecho. Linapeza kuti phindu la masitolowo linali litatsika, kuchoka pa 3.2 peresenti kufika pa 1.8 peresenti. Ndiye kuti pa mapaundi 100 aliwonse olipidwa pa tilu, otsalira sitolo sankakwana awiri, msonkho ndi chiwongoladzanja cha ngongole asanachotse. Enawo ankapita kuti? Kwa opanga katundu, kwa alimi amene feteleza anawakwerera, ku magetsi oyendetsa mafiriji usana ndi usiku, ku dizilo wa malole, ku malipiro a antchito. Nkhondo ya ku Ukraine itayamba mu Febuluwale 2022, tirigu, mafuta ophikira ndi gasi zonse zinakwera nthawi imodzi. Mwini sitolo amagula modula, nagulitsa modula, ndipo chotsala pakati chimatha kuchepa ngakhale mitengo ikuuluka.

Koma yankho lalikulu, mayi, lili m'thumba lotembenuzalo. Ngati inuyo, mwini masheya, miyendo yanu yakutengerani kotchipa, nanga anzanu amene alibe chowamanga? Pamzere mukuimawo ndi pamene phindu la kampani yanu likuthawira.

Masitolo otchipawa ali ndi nzeru yawo. Aldi ndi Lidl ndi makampani a ku Germany. Aldi inafika ku Britain mu 1990, Lidl mu 1994, ndipo poyamba akuluakulu a malonda ankawapeputsa. Supamaketi yaikulu imasunga mitundu ya katundu yoposa 25,000, pamene Aldi imasunga pafupifupi 2,000 yokha, yambiri ya dzina lake lomwe. Katundu amamuika pashelefu ali m'katoni momwe wabweramo, antchito ndi ochepa, nyumba ndi yaing'ono. Akagula chinthu chimodzi amagula chochuluka zedi, ndiye wopanga amawatsitsira mtengo. Mu Seputembala 2022 Aldi inapitirira supamaketi ya Morrisons n'kukhala yachinayi kukula m'dziko lonselo. Akuluakuluwo anachita kukakamizika kutsitsa. Tesco inayamba kufananitsa mitengo ya katundu wina ndi ya Aldi mu 2020, Sainsbury's inatsatira mu 2021. Tesco inayesanso kutsegula masitolo akeake otchipa otchedwa Jack's mu 2018, koma pofika 2022 inawasiya. Wogula akamasangalala ndi nkhondo ya mitengo yotere, dziwani kuti ndalama yomenyera nkhondoyo ikuchoka m'mbale ya mwini masheya.

Munthu uja ndinalonjeza ndi Warren Buffett wa ku America, amene dziko lonse limamulemekeza pa nkhani ya masheya. Kampani yake inali ndi masheya ambiri mu Tesco. Mu Seputembala 2014 Tesco inaulula kuti inali itakuza phindu lake m'mabuku ndi mapaundi pafupifupi 250 miliyoni. Chaka chotsatira inalengeza kuti yaluza mapaundi 6.4 biliyoni, ndipo inasiya kugawa phindu kwa eni masheya mpaka 2017. Buffett anagulitsa, naluza madola 444 miliyoni, navomera poyera kuti analakwitsa. Anthu a ku Britain sanasiye kudya m'zaka zonsezo. Tesco inadzadzuka pambuyo pake, n'zoona, koma amene anapindula ndi amene akanatha kudikira zaka zambiri osaikhudza ndalamayo.

Ndiye mugulitse kapena musunge? Pawailesi pano sindingakulamulireni, chifukwa zimadalira kuti ndalamayo mukuifuna liti. Koma pezani lipoti la pachaka la kampani yanu, mukhale pansi ndi mlangizi wa zachuma wovomerezeka. Mumufunse ngati malonda akukula chifukwa anthu akugula katundu wambiri, kapena chifukwa katundu yemweyo wangokwera mtengo. Kusiyana kwake n'kwakukulu: sitolo itha kuonetsa ndalama zambiri pamene makasitomala akuithawa. Mumufunsenso kuti pa 100 iliyonse kampani ikutsala ndi zingati, komanso ili ndi ngongole yotani.

Tsono mundilole ndikudzudzuleni pang'ono, monga mwana wanu. Theka la penshoni pa kampani imodzi, mayi, n'kochuluka kwambiri. Ndalama imene abambo anaikhetsera thukuta zaka zonsezo siyenera kutsamira pa khoma limodzi. Ndipo ana anu auzeni sabata ino. Adzadandaula tsiku limodzi, koma akadzazitulukira okha m'mapepala zidzawapweteka koposa. Thumba lija litembenuzeni dzina lionekere. Kugula kotchipa si kuba, ndipo palibe mkulu wa kampani amene adzabwere kudzakuwerengani pamzere.

Tithamange tsopano, nthawi yatidyera.

Mnyamata wina akufunsa ngati angatenge ngongole kugulira masheya a supamaketi, kuti phindu logawidwa lizibweza ngongoleyo. Ayi, mphwanga. Phindu logawidwa kampani itha kuliimitsa monga ndafotokozera, koma wokongoza saimitsa chiwongoladzanja.

Bambo wina akuti munthu wina pa Facebook akuwagulitsa masheya a Aldi ndi Lidl motchipa. Bambo, musatumize kanthu. Aldi ili m'manja mwa banja la Albrecht, Lidl ndi ya gulu la Schwarz, ndipo onse awiri sali pa msika wa masheya. Amene akukugulitsaniyo ndi wakuba. Ichi n'chimodzi mwa zowawa za nkhaniyi: amene akupambana pa mpikisano simungawagule, ndipo poti alibe khamu la eni masheya lowakalipira chaka chilichonse, amatha kupirira phindu lochepa nthawi yaitali.

Achimwene ena akufunsa, ndipo ndikukhulupirira kuti ankamwetulira polemba, ngati kukhala ndi masheya kukuwapatsa ufulu wodumpha mzere ndi kulawa zipatso pashelefu. Achimwene, mlonda wa pakhomo paja satifiketi yanu saidziwa. Ufulu wanu ndi wovota pa msonkhano wa pachaka. Zipatsozo lipirani.

Mtsikana wina wogwira ntchito pa tilu akuti abwana awo akugulitsa masheya kwa antchito pamtengo wotsika. Mchemwali, mwayi wotere ndi wabwino, gulani pang'ono. Ingokumbukirani kuti malipiro anu akuchokera kale komweko. Kampani ikadzadwala, ntchito ndi masheya zidzadwalira pamodzi.

Agogo ena afunsa kuti kampani ikagulidwa ndi ena, masheya awo amatha bwanji. Agogo, nthawi zambiri amakulipirani ndalama pa sheya iliyonse, kawirikawiri yoposa mtengo wa pamsika. Morrisons itagulidwa mu 2021 ndi kampani ya ku America ya Clayton, Dubilier & Rice pamtengo wa mapaundi pafupifupi 7 biliyoni, eni masheya analandira ndalama zawo ndipo kampaniyo inachoka pa msika. Koma musagule masheya pongoyembekezera zimenezo.

Ndisanatseke, pali mawu amene ndakumana nawo m'makalata ambiri sabata ino moti mtima wandiwawa: "Musatchule dzina langa, akazi anga sakudziwa." "Amuna anga sakudziwa." Abale anga, mukugona pabedi limodzi, mukudya m'mbale imodzi, koma ndalama ya banja mwaikwirira pamalo amene mnzanu sangawaloze. Mukadwala mawa, adzafunsa ndani? Ndipo ndikaonetsetsa, ambiri mwa inu simunagule chifukwa munawerenga mabuku a kampani. Munagula chifukwa cha mkwiyo wa pa tilu. Munatuluka m'sitolo mtima ukutentha, mukuti ngati akundibera, nanenso ndikhale nawo mbali yakubayo. Ndikumvetsa, chifukwa kubweza katundu pashelefu mwana akukuyang'ana n'chinthu chopweteka. Koma mkwiyo suwerenga manambala. Safunsa anadya phula, ndipo woyamba kumufunsa ndi amene mumakhala naye m'nyumba. Ine pandekha sindinena kuti masheya a supamaketi ndi oipa. Kampani yoyendetsedwa bwino imagawa kaphindu kochepa chaka ndi chaka, ndipo kwa munthu woleza mtima amene wamwaza ndalama zake m'malo angapo, zimenezo zili ndi ntchito yake. Chimene ndikukana n'choti muziyembekeza kuti lisiti ikamakula, inunso mukula nayo.

Kalata yomaliza ndi ya mphunzitsi wina amene akufunsa ngati pali njira yogulira makampani ambiri nthawi imodzi ndi ndalama yochepa. Ilipo, aphunzitsi. Pali mathumba a ndalama amene amasonkhanitsa za anthu ambiri n'kugula masheya a makampani osiyanasiyana, masupamaketi n'kukhala kagawo chabe. Nkhani imeneyo ndi yaitali, tiyambira pomwepo sabata yamawa, ndipo ndidzafotokoza ndalama zimene oyendetsa mathumbawa amadula, chifukwa ambiri saziona. Mayi wa kalata yoyamba ija, mukalankhula ndi ana anu mutilemberenso, tikufuna kumva kuti zayenda bwanji. Tsalani bwino nonse.