Za kuno ku Joni: uthenga wa a zaumoyo umasochera pati usanafike kumudzi?

Muli bwanji abale anga a ku Luchenza, Chitakale, Limbuli ndi Thekerani, ndi inu matchona anzanga kuno ku Johannesburg. Lero tikambe za mmene a zaumoyo ankalankhulira nafe pa foni nthawi ya Covid-19, poti mliri wina ukadzagwa adzadzeranso momwemo.

Kuno m'bindikiro unayamba pa 27 Marichi 2020. Mwezi womwewo boma linatsegula nambala ya WhatsApp ya zaumoyo, 0600 123 456. Umangolemba "Hi", makina n'kukupatsa zoti usankhe: zizindikiro za matenda, chiwerengero cha odwala, malamulo a maulendo. Tsamba la sacoronavirus.co.za linkatseguka ngakhale foni ilibe bandulo, ndipo a NICD, bungwe la boma lolondoloza matenda opatsirana, ankaika ziwerengero pa Twitter tsiku ndi tsiku. Anakonza bwino, tisanamizane. Koma munali Chingerezi, Chizulu ndi zina za konkuno, Chichewa munalibe. Mnyamata wa ku Thyolo wogwira ntchito ya m'gadeni ku Randburg ankamva nkhani kudzera pa gulu la WhatsApp la anthu akwawo, itadutsa kale pakamwa pa anthu angapo.

Kumudzi, Unduna wa Zaumoyo unkaika chithunzi cha ziwerengero pa Facebook tsiku lililonse, odwala oyamba atalengezedwa pa 2 Epulo 2020. Apa mpamene pali nkhani. Ambiri kwathu amagula bandulo ya WhatsApp yokha. Mukawatumizira linki ya Facebook, sitseguka. Mukawatumizira chithunzi chodzaza malemba a Chingerezi, anganga sachiwerenga, ndipo pa kafoni kong'aluka galasi manambala saoneka n'komwe. Chimene chimayenda msanga ndi uthenga wa mawu, wa munthu wosatchula dzina, wongoti "ine ndi nesi wa pachipatala china chachikulu". Uthenga wotere ukachokera ku Joni, kumudzi amaulemekeza, poti wautumiza ndi mwana yemwe amatumizanso ndalama ya feteleza.

Kwina kunali kusakaniza malamulo. Kuno kunali magawo 5 a m'bindikiro, mowa ndi fodya zinaletsedwa kwa kanthawi. Ku Malawi khoti linaimitsa m'bindikiro wa masiku 21 mu Epulo 2020 usanayambe. Zithunzi za malamulo a kuno zikafika pa gulu la ku Mulanje zilibe dzina la dziko, munthu ankayesa ndi za kwathu.

Tsono inu achimwene, inu achemwali, uthenga ukakufikani musathamangire kuutaya pa gulu la banja. Onani deti kaye; zithunzi zambiri zosokoneza ndi zenizeni ndithu, koma za miyezi yapita. Onani pamwamba pake: mivi iwiri ikutanthauza kuti wadutsa m'manja ambiri, ndipo kuyambira mu Epulo 2020 WhatsApp imalola kuti uthenga wotere upite kwa munthu kapena gulu limodzi pa nthawi imodzi. Kenako tsegulani nokha tsamba la undunawo muone ngati zilipo. Chizindikiro cha boma pa chithunzi si umboni, mwana wa Fomu 2 atha kuchimatapo. Dziwaninso kuti malamulo a mliri kuno ankati wofalitsa dala bodza la Covid-19 atha kulipitsidwa chindapusa kapena kukhala m'ndende mpaka miyezi 6, ndiye taganizani ngati mapepala anu ndi osalongosoka.

Mukatsimikiza, musangokankha chithunzicho. Jambulani mawu anu m'Chichewa, kapena m'Chilomwe ngati anganga amamva bwino chimenecho, osapitirira mphindi imodzi kuti zisadye bandulo. Tchulani amene walengeza, tsiku lake, dziko lake, ndi chimene munthu achite.

Pa katemera mpamene mphekesera zinaposa unduna liwiro. Katemera wa AstraZeneca anafika ku Malawi mu Marichi 2021, Pulezidenti wa nthawiyo Lazarus Chakwera anabayitsa anthu akuona, koma za 666 ndi zoti ukabayitsa subereka zinali zitakhazikika kale m'mafoni. Mu Meyi chaka chomwecho boma linatentha katemera 19,610 wotha mphamvu, pamaso pa atolankhani, kuti anthu asamati akubayidwa wakale. Ine ndimaona kuti chithunzi cha pa Facebook sichingagonjetse mantha otere. Amene amatha ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi, mfumu pamaliro, abusa, ndi wailesi ngati Mzati ya ku Mulanje, chifukwa munthu amatha kuwafunsa n'kuyankhidwa.

Amayi akakuimbirani kuti akutsokomola ndipo thupi latentha, musakhale dokotala wa pa WhatsApp muli kuno. Auzeni aimbire Chipatala Cha Pa Foni, nambala yaulere ya zaumoyo, kapena atume mwana akaitane mlangizi, ndipo muwatumizire ya kabaza yopitira kuchipatala tsiku lomwelo.