Makalata a omvera: mipikisano ya pamsewu ndi ma sipini

Mwaswera bwanji omvera, sabata ino makalata achuluka pa nkhani ya anyamata othamangitsana pamsewu ndi aja a ma sipini, ozunguza galimoto mpaka matayala kufuka utsi. Tiyambe ndi mayi awa, alemba kuchokera ku Ontario, dziko la Canada.

"Zikomo a wailesi. Mwana wanga anabwereka galimoto yanga, apolisi anamugwira akuthamanga 105 pamsewu wa 60, pompo anamulanda laisensi ndipo galimotoyo anaikoka, akuti ikhala masiku 14. Galimoto ndi yanga, ine sindinalakwe kanthu koma pano ndikupita kuntchito pa basi. Chilungamo chake chiti chimenechi?"

Mayi pepani, zikupweteka ndithu, koma apolisiwo sanaonjeze ayi. Ku Ontario gawo 172 la lamulo la pamsewu la Highway Traffic Act limati ukapyola liwiro ndi makilomita 40 pa ola pamsewu womwe malire ake safika 80, kapena ndi 50 pamisewu ikuluikulu, mlandu wake ndi wa stunt driving, kutanthauza kuyendetsa mwachionetsero koika moyo pachiswe, ndipo pamalo pomwepo laisensi imaimitsidwa masiku 30, galimoto masiku 14, safunsanso kuti mwini wake ndani. Kale anali masiku 7 okha, anakhwimitsa mu 2021. Ndalama yokokera galimoto ndi yosungira ikudikiraninso. Komatu mayi, izi nzoyambira chabe, kukhoti mwanayo akapezeka wolakwa chindapusa chimayambira madola 2,000 mpaka 10,000 a ku Canada, atha kukhala kundende mpaka miyezi 6, laisensi nkupita chaka chathunthu kapena kuposa. Ine ndikadakhala inu bwenzi ndikuthamangira kwa loya osati kukangana ndi apolisi, ndipo ya basiyo azikubwezerani mwana yemweyo.

Kalata yachiwiri ndi ya mnyamata wina, dzina wabisa.

"Aise ife timapanga zathu pakati pa usiku msewu uli zii, anthu onse atagona, galimoto nzathu mafuta ngathu, ndiye tikulakwira ndani? Malamulowa ndi nsanje basi."

Achimwene, msewu uli ziiwo mwauona bwanji mukuthamanga 160? Mu February 2016 ku Berlin, dziko la Germany, anyamata awiri ankathamangitsana pa msewu wa Kurfürstendamm pakati pa usiku womwewo mukunenawu, kudutsa maloboti ofiira osayang'ana nkomwe, m'modzi anakaomba galimoto ya bambo wa zaka 69 yemwe ankadutsa pa girini, bamboyo anafera pomwepo. Khoti silinautenge ngati ngozi wamba, linautenga ngati mlandu wakupha, nkhani inakokana mpaka kukhoti lalikulu ndipo mu 2020 woombayo chilango chake chokhala kundende moyo wonse chinatsimikizidwa. Mu 2017 dziko la Germany linakhazikitsa lamulo loti kungochita nawo mpikisano, ngakhale osagunda kanthu, ndi zaka mpaka 2 kundende, munthu akafa mpaka 10. Ngakhale uli wekhawekha ukungofuna kuona kuti injini ifika pati, lamulolo limakukhudza. Zoti muli ndi luso sindikukana, koma liwiro likawirikiza kawiri mtunda woti mabuleki aimitse galimoto umawirikiza kanayi, pamenepo luso silichotserapo ngakhale mita imodzi.

Yomaliza ndi yaifupi, ya mtsikana wina. "Ine sindiyendetsa, ndimangokhala kumbuyo nkumajambula chibwenzi changa akupanga ma sipini, timaponya pa TikTok. Pali vuto?"

Achemwali, vidiyo imeneyo ili ndi nambala ya galimoto, nkhope ya woyendetsa, malo, mwinanso ka wotchi ka liwiro kakuoneka bwinobwino, ndiye wapolisi angafunenso chani? Chibwenzi chanucho mukuchikonzera nokha umboni. Ndipo galimoto ikazungulira molakwika nkukamenya mtengo wa magetsi chammbali, chitseko chomwe mwatsamiracho ndiye chimaphwanyika. Ngati ma sipiniwo amawakondadi, akafunse za mabwalo otchingidwa komwe masewerawa amaloledwa, inu muzijambula muli kunja kwa mpanda.

Za anjinga zamoto oimika tayala lakutsogolo m'mwamba tiwerenga sabata yamawa, pitirizani kulemba.