BPC-157 ndi TB-500: Akuti "N'zochokera M'thupi", Ndiye Bwanji?

Ngati mwaonapo pa TikTok munthu wa ku jimu akudzibaya jakisoni pabondo, n'kumati "ichi chandichiritsa", khalani pansi, vidiyoyi ndi yanu. Ndipo musadumphe, kumapeto kuli nkhani ya osewera 34 amene anaona zakuda nazo zimenezi.

Tifulumire. Choyamba, BPC-157 ndi TB-500, mankhwala amene anthuwa amadzibaya, ndi ma peptide. Peptide n'chiyani? Ndi kapuloteni kakafupi, ma amino acid (tizidutswa topanga mapuloteni) ochepa olumikizana ngati mikanda pa ulusi. BPC-157 ili ndi 15. TB-500 anaipanga motengera thymosin beta-4, ya ma amino acid 43, imene imapezeka m'maselo athu. Basi, tapita.

Chachiwiri, mbiri. BPC-157 inatchuka kudzera m'gulu la Predrag Sikirić pa yunivesite ya Zagreb ku Croatia, kuyambira m'zaka za m'ma 1990. Pa kafukufuku wotere amadula mtsempha wa kuchidendene wa khoswe, kumupatsa mankhwalawa, n'kuona kuti ukupola msanga kuposa wa makoswe osapatsidwa. N'zochititsa chidwi, sindikana. Koma ndi makoswe, abale. Mayesero aakulu pa anthu, amene mankhwala amadutsamo asanafike kufamase, BPC-157 sinadutsemo.

Tisanapitirire, dinani like ndi kabelu kaja. N'zaulere.

Chachitatu, apa ndiye pandiwawa ine. Ogulitsa amati: "Musaope, BPC-157 inachokera m'madzi a m'mimba mwa munthu, n'chachilengedwe." Ayi! Insulini nayonso ndi peptide, nayonso thupi limapanga lokha. Kafunseni namwino aliyense wa kuwodi ya odwala shuga kuti munthu akabayidwa yochuluka chimachitika n'chiyani. Amakomoka, mwinanso kufa kumene. Ndiye kuchokera m'thupi kwateteza ndani?

Komanso chimene chimafika pa parcel yanu palibe anachifinya m'mimba mwa munthu. Anachipanga mu labotale. Chimabwera ngati ufa woyera m'kabotolo kagalasi kotseka ndi rabala, mumasungunula nokha ndi madzi, mumayeza nokha. Tembenuzani kabotoloko muwerenge: alembapo kuti ndi ka kafukufuku basi, si kogwiritsa ntchito pa anthu. Wogulitsa yemweyo wasamba m'manja inu musanabaye n'komwe. Anayeza ndani kuti mulibe tizilombo? Kuti mlingo wolembedwawo ndi umene ulimodi? Nanga mlingo wa munthu anaupeza kuti, pochulukitsa wa khoswe?

Ndipo mverani ichi. Njira imodzi imene ofufuza amati mankhwalawa amapoletsera bala ndi yothandiza kuti timitsempha tatsopano ta magazi timere. Pabala, n'zabwino. Koma chotupa cha khansa nachonso chimafuna timitsempha tomweto kuti chikule. Sindikunena kuti BPC-157 imayambitsa khansa, musakandinamizire m'magulu a WhatsApp. Ndikunena kuti funsolo lidakali poyera, ndipo wodzibaya ndiye akuliyankha ndi thupi lake. Mu 2023 bungwe la FDA, loyang'anira zakudya ndi mankhwala ku America, linaika BPC-157 pa mndandanda wa zinthu zimene zingakhale zoopsa zikasakanizidwa kukhala mankhwala m'mafamase.

Chachinayi, mwachidule: mtsempha wolumikiza mnofu ndi fupa umachedwa kupola chifukwa umalandira magazi ochepa. Pitani kwa a fiziyo. Vidiyo yathu ya masewera olimbitsa bondo ili pamwambapa.

Chachisanu, osewera, tcherani khutu. WADA, bungwe la padziko lonse lolimbana ndi mankhwala oletsedwa pamasewera, inaletsa BPC-157 kuyambira mu January 2022, ndipo TB-500 inali italetsedwa kale. Timu ya mpira ya Essendon ku Australia ikudziwa bwino: mu January 2016 khoti la zamasewera la CAS linapeza osewera 34 olakwa pa nkhani ya thymosin beta-4, ndipo amene anali akusewerabe anaonerera sizoni yonse ya 2016 ali panja. Majakisoniwo anabayidwa mu pulogalamu ya timu yawo yomwe, koma chilango chinagwera iwo, chifukwa lamulo limati chimene chalowa m'thupi mwako ndi mlandu wako.

Mu vidiyo yotsatira tikamba za ufa wa collagen. Chitani subscribe, tionana.