Supuni imodzi ndi mphika wonse

(Pa kanema: mphika wa nyemba uli pa mbaula.)

Moni nonse, makamaka inu a pa UNZA, yunivesite ya Zambia, amene kafukufuku wa chaka chomaliza akukusowetsani tulo. Taonani mphika uwu. Amayi akafuna kudziwa ngati mchere wakwana, sadya ndiwo zonse. Amavundula kaye, kenako n'kulawa supuni imodzi. Mphika wonsewo ndiwo population, anthu onse amene mukufuna kudziwa za iwo. Supuni ija ndi sample.

Kuwerenga aliyense m'dziko kumatchedwa census. Bungwe la boma loona za ziwerengero la ZamStats linachita kalemberayu mu 2022, ndipo linapeza kuti m'Zambia tilimo anthu oposa 19 miliyoni, pomwe mu 2010 tinali pafupifupi 13 miliyoni. Ntchito yotere imadya ndalama zambiri. Inu ndi ine timadalira supuni.

Koma kuvundula kuja musakuiwale. Mukakafunsa anthu pa masitolo akuluakulu a Manda Hill Loweruka masana za mtengo wa thumba la ufa, mwamva mbali imodzi ya Lusaka. A m'makomboni a Kanyama ndi Chawama sanalankhulepo. Kupendekera kotereku ndi bias, ndipo ngakhale mutafunsa anthu 1,000 pamalo omwewo sikutha ayi. Mankhwala ake ndi random sampling: kusankha ngati pochita mayere, kuti aliyense akhale ndi mwayi wofanana.

(Pa kanema: manambala asanu pa bolodi.)

Tsopano tiyerekeze kuti mwafunsa amayi asanu ogulitsa tomato pa Soweto Market ndalama zimene apeza lero: K200, K250, K300, K350, ndipo wachisanu, amene amagulitsa mabokosi athunthu, K4,000. Phatikizani zonse, mupeza K5,100. Gawani pasanu: K1,020. Imeneyo ndi mean.

Ine apa mtima umandiwawa. Wina akalemba kuti mayi wa pa Soweto amapeza K1,020 patsiku, amayi anayi aja angadabwe, chifukwa palibe mmodzi wa iwo amene wafika ndi K400 yomwe. Munthu mmodzi wakokera nambala yonse m'mwamba.

Ndandalikani manambalawo kuyambira yaing'ono, mutenge yapakati: K300. Iyi ndi median. Wa mabokosi uja atapeza K40,000 mawa, mean idzalumpha, koma median idzakhalabe pa K300 pomwepo.