Mwana wa sekondale kuno kuchigwa cha Shire: kutentha, madzi ndi nthawi yowerenga

Zikomo agulupu, anyakwawa, a komiti ya sukulu, makolo nonse, ndi inu ana athu amene mwakhala kumbuyoko. Senderani kumthunzi kuno, nkhaniyi ndi yanu.

Tiyambe ndi mayeso, chifukwa ambirife timangomva kuti mwana walemba Fomu 4 osadziwa mmene a bungwe loyendetsa mayeso la MANEB amawerengera. Pa mayeso a Fomu 4, otchedwa MSCE, phunziro lililonse limapatsidwa nambala kuyambira 1 mpaka 9. Wapeza 1 kapena 2 wakhoza mwapamwamba, 3 mpaka 6 ndi kilediti, 7 ndi 8 wangodutsa, 9 walephera. Mukamva kuti wakutiwakuti ali ndi mapointi 18, ndiye kuti aphatikiza maphunziro asanu ndi limodzi amene wachita bwino, ndipo nambala ikachepa m'pamene pakoma. Akalephera Chingerezi satifiketi palibe, ngakhale masamu awakhoze bwanji. Kuyunivesite ya boma amafuna makilediti asanu ndi limodzi, Chingerezi chili momwemo. Nchifukwa chake mwana ayenera kudziwa ali Fomu 3 maphunziro asanu ndi limodzi amene akuwadalira. Zinthu zikadzathina, amenewo ndiwo osasiya.

Tsono vuto lomwe timaliona chaka ndi chaka ndi ili. Mwana amakopera ndondomeko yowerengera kwa mnzake wa sukulu yogonera komweko ku Blantyre kapena ku Zomba, n'kuimata pakhoma. Sabata siitha, wayisiya, ndipo amayamba kudziona ngati waulesi. Si ulesi ayi. Ndondomeko ija sinalembedwere munthu woyenda makilomita angapo kuchokera ku sekondale yoyendera ya CDSS dzuwa lili paliwombo. Mu Okutobala ndi Novembala kuno ku Nchalo, Ngabu kapena Bangula kutentha kumapitirira madigiri 40. Mwana wofika pakhomo 2 koloko, kukhosi kuli gwa, mukamupatsa masamu amangoyang'ana pepala thukuta likudonthera pakope.

Maphunziro ovuta apite m'mamawa. Kudzuka 4:30, kusukusula, n'kugwira masamu, Physics kapena Chemistry kwa ola limodzi kunja kukadali kozizira. Masana akafika amwe madzi, adye, apume, kenako ntchito zapakhomo. Madzulo kuyambira 7 koloko mpaka 8:30 ndi nthawi ya maphunziro owerenga monga Chichewa, History ndi Chingerezi, ali m'kati mwa neti ndi kanyali ka sola. Izi za neti musazitenge mopepuka: malungo amodzi amadya sabata yathunthu ya sukulu. Pofika 9 koloko agone. Wochezera usiku wonse amakawodzera m'kalasi, ndiye wataya kawiri.

Kawerengedwe nakonso. Ana inu, kubwereza kope kasanu kumanyenga, chifukwa mawu amaoneka odziwika koma m'mutu mulibe. Werengani mphindi 40, tsekani kope, lembani papepala lina zonse zimene mukukumbukira, kenako tsegulani muone zomwe zathawa. Zothawazo ndizo zoyambira mawa. Loweruka tengani pepala limodzi la mayeso a zaka zam'mbuyo, mulembe wotchi ili pambali, osasuzumira.

Tifike pa madzi. Teremu yachiwiri imagwera m'dzinja, ndipo tonse tikukumbukira Januwale wa 2015, namondwe Idai mu 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023. Shire ndi Ruo zikadzaza, sukulu zimasanduka misasa, ndipo wa ku Makhanga kapena tsidya la kum'mawa amakhala masabata osaona bolodi. Mayeso a Fomu 4 ndi amodzimodzi dziko lonse, funso la mwana wa ku Nsanje ndi lomwelo la mwana wa ku Lilongwe. Ndiye kukonzekera kuchitike pa tchuthi cha Disembala. Mwana atenge kope limodzi lokhuthala, alembemo mfundo zikuluzikulu za maphunziro asanu ndi limodzi aja, masamba khumi phunziro lililonse. Kopelo alikulunge m'majumbo awiri, amange ndi mphira, aike m'ndowa yachivindikiro limodzi ndi mapepala ofunika a pabanja. Pothawa madzi usiku palibe amene anganyamule makope khumi ndi awiri. Limodzi likhoza kulowa m'malaya.

Magulu owerengera akhale a ana anayi kapena asanu oyandikana midzi, okhala tsidya limodzi la mtsinje. Gulu losankhirana ubwenzi wa m'kalasi limatha tsiku lomwe mlatho wadukira. Aliyense m'gulumo asenze phunziro limodzi loti aziphunzitsa anzake. Akapitirira asanu, zimasanduka macheza.

Sukulu ikatsegulidwanso, cholakwika chachikulu n'kuyambiranso tsamba loyamba chifukwa cha mantha. Pitani kwa aphunzitsi, mulembe mitu imene yakudutsani, muzitenga iwiri pa sabata. Yambani ndi mitu imene ina imatsamirapo. Pa masamu, wosamvetsa algebra amavutika pafupifupi paliponse kutsogoloko.

Makolo anzanga, apa m'pamene tikupempha. Tikudziwa kuti mapira akacha mbalame sizidikira, thonje lifunika kutola, kudimba kufunika manja, mbuzi ndi ng'ombe zifunika wozitsata. Palibe akunena kuti mwana asagwire ntchito. Koma nyengo yotola thonje imagundana ndi miyezi yomaliza mayeso asanayambe. Khalani pansi Lamlungu, mugwirizane: wa Fomu 2 ndi wa Fomu 4 azipita kumunda Loweruka m'mawa, m'kati mwa sabata maola awiri ndi theka aja akhale ake. Makamaka mtsikana. Iye ndiye woyamba kumjigo, ndiye wa pamoto, ndiye wotsuka mbale mchimwene wake atatsegula kale buku. Anyamata nawonso chigubu amatha kunyamula panjinga.

Za mpira, netiboli, kwaya ndi zisudzo, musawaletse. Mwana wothamanga madzulo amagona bwino, ndipo wochita zisudzo kapena mtsutso m'Chingerezi amachiphunzira mosavuta. Koma ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Fomu 1 ndi Fomu 3 angathe kukhala ndi ziwiri. Chaka cha mayeso chimodzi basi, ndipo mayeso oyeserera akangotha, tsiku limodzi pa sabata. Akauze yekha mphunzitsi wa masewero kapena wamkulu wa kwaya, osangosowa mwakachetechete anzake n'kumamudikira.

Ana inu, ndondomeko muzilemba ndi pensulo, sabata imodzi yokha. Kukagwa maliro m'mudzi kapena mukadwala masiku awiri, musaunjike zonse pa tsiku lachitatu. Fufutani phunziro lomwe silili pa asanu ndi limodzi mukuwadalira aja, malo ake muikepo Chingerezi kapena masamu amene anatsala.

Tikabalalika pano, ana a Fomu 2 ndi Fomu 4 mutsale pang'ono. Muime motsata midzi yanu kuti anyakwawa atithandize kuona amene ali tsidya limodzi, tilembe magulu mvula isanayambe.