Mawu a M'mawa: Filimu Yatha, Mafunso Atsala

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo a m'chigwa chonse, kuyambira ku Thabwa, Nchalo, Ngabu, Bangula mpaka ku Marka, ndi inu a kutsidya kwa Shire. Mawu a lero akuchokera pa Deuteronomo 29:29: "Zinsinsi nza Yehova Mulungu wathu, koma zovumbuluka nza ife ndi ana athu kosatha, kuti tichite mawu onse a chilamulo ichi."

Aliyense amene anatsatirapo filimu ya masizoni, kaya pa TV kunyumba, kaya m'shedi ya vidiyo sho kumsika, amalidziwa phokoso limene limabuka gawo lomaliza likatha. Anthu akhala akulipira pakhomo kwa miyezi, thukuta lili kamukamu pansi pa malata, kudikira kuti adziwe amene anapha bambo uja. Mayina ayamba kukwera pa sikirini, wakuphayo sanatchulidwe. Mwana amene anasinthidwa kuchipatala sanawadziwe mayi ake. Wina amafuula kuti, "Basi yathera pomwepa?" Wina, "Atibera awa!" Ena amamugwira mwini sho kuti wabisa gawo lina.

Nthawi zina vuto limakhala laling'ono ndithu. Wokopera filimu pa fulashi anadumpha gawo limodzi, kapena anasakaniza manambala. Mukaona dzina la fayilo lili ndi S03E21 kenako S03E23, dziwani kuti gawo 22 la sizoni yachitatu lasowa, ndipo mwina yankho lili m'menemo. Izi zimakonzeka. Koma kawirikawiri vuto limachokera kumene filimuyo inapangidwira, ndipo ndi bwino kulimvetsa.

Kampani ya TV simalipira nkhani yonse nthawi imodzi. Imalipira sizoni imodzi, n'kuyang'ana ngati anthu akuonera. Olemba akudziwa kuti ntchito yawo ili pa inu kubweranso mawa, ndiye gawo lililonse amalitseka ndi funso. Kutsegula chinsinsi m'filimu kuli ngati kutenga ngongole ku banki m'khonde: tsiku lotenga n'lokoma, koma lobweza likubwera, ndipo olemba ena amatenga asakudziwa kumene adzapeze chobweza. Oonera akachepa, kampani imaimitsa filimu pamene yafikapo, ngakhale munthu atatsala ali m'malere. Oonera akachuluka, kampani imafuna masizoni ena, olemba n'kuwonjezera zinsinsi pamwamba pa zakale mpaka kuchuluka koposa zimene gawo limodzi lomaliza lingamasule. Ochita sewero nawo amasiya ntchito, ena amamwalira, ana amakula.

Chitsanzo chodziwika kwambiri ndi filimu ya ku America ya Lost, yomwe inayamba mu 2004 n'kutha pa 23 May 2010, itatulutsa magawo 121 m'masizoni 6. Ndege yochokera ku Sydney kupita ku Los Angeles inagwera pachilumba chodabwitsa. Munali manambala 4, 8, 15, 16, 23 ndi 42 amene ankangobwerabwera, komanso mnyamata wina amene ankaoneka kuti ali ndi mphamvu zachilendo. Masizoni atatu oyamba ankafotokoza za miyezi pafupifupi itatu yokha pachilumbapo, pamene kujambula kunatenga zaka zitatu. Mnyamata wosewerayo anatalika, mawu n'kusintha, ndipo sizikanathekanso kunamizira kuti pangodutsa masabata. Anamuchotsa m'nkhani, funso la mphamvu zake n'kutsala. Sitiraka ya olemba mafilimu ya 2007 mpaka 2008 inafupikitsanso sizoni yachinayi. Filimu itatha, anatulutsa kagawo ka mphindi pafupifupi 12 pa DVD kuti ayankheko mafunso ena, koma ambiri anali atakhumudwa kale.

Oonera akakwiya sitiwadzudzula. Anapereka nthawi ndi ndalama pokhulupirira kuti wolembayo akudziwa kumene akuwatengera. Zikaoneka kuti nayenso ankangopapasa, kukhumudwa n'koyenera.

Chimene chatichititsa kulemba izi m'mawa uno n'choti dandaulo lomweli ambiri tili nalo pa Mulungu, kungoti sitilitchula mokweza. M'chigwa muno muli mabanja amene madzi a mu January 2015, a namondwe Ana mu 2022 kapena a Freddy mu March 2023 anawatengera munthu, thupi osapezeka, manda osaoneka. Asodzi atatu anali m'bwato limodzi, ng'ona inatenga mmodzi. Mayi wakhala pabanja zaka khumi, mapemphero onse wapita, mwana palibe. Bambo anagona bwinobwino atabwera kudimba, m'mawa osadzuka. Nkhani zimenezi zinatha popanda wotifotokozera, ndipo pansi pa mtima pamabwera ganizo loopsa lakuti mwina Mulungu naye alibe yankho.

Tsegulani Baibulo muone kuti nalo lili ndi nkhani zotha mosamaliza. Buku la Machitidwe limatitenga ndi Paulo kuchokera ku Yerusalemu, m'ndende ya ku Kaisareya, m'chombo chosweka, mpaka ku Roma kukaonekera kwa Kaisara. Pa 28:30-31 tikumusiya ali m'nyumba yolipira zaka ziwiri, akulalikira. Za chigamulo cha mlandu wake, bukuli silinena. Buku la Yona limatha ndi funso la Mulungu pa 4:11, ndipo sitimva kuti Yona anayankha chiyani. Pa Luka 15, m'fanizo la mwana wolowerera, bambo akumudandaulira mwana wamkulu panja kuti alowe kuphwando, nkhani n'kuthera pabwalo pomwepo.

Koma buku loti tikhalepo pang'ono ndi la Yobu. Ife owerenga timaona chaputala 1 ndi 2, pamene Satana akuonekera pamaso pa Mulungu n'kupempha kumuyesa Yobu. Yobu mwiniwake sakuona zimenezo. Ana ake khumi afa tsiku limodzi, ziweto zapita, thupi lili zilonda zokhazokha, wakhala paphulusa akudzikanda ndi phale. Kwa machaputala pafupifupi 30 akufunsa chifukwa chake. Mulungu akuyankha kuyambira chaputala 38, ali m'kamvuluvulu, ndipo yankho lake ndi mafunso: unali kuti pamene ndinkaika maziko a dziko, ndani anatsekera nyanja, umadziwa nthawi imene zinkhoma zimaswa? Werengani mpaka kumapeto kwa chaputala 42. Palibe vesi limene Mulungu akumuuza Yobu za zokambirana za m'chaputala 1. Anamudalitsa, anamupatsa ana ena, anakhala zaka zina 140, koma bukuli silisonyeza kuti anauzidwa chifukwa.

Apa ndi pamene nkhani ya Yobu ikusiyana ndi filimu ija. Wolemba filimu akasiya funso, nthawi zambiri yankho kulibe kwina kulikonse, ngakhale m'mutu mwake. Kwa Yobu yankho linalipo kuyambira tsamba loyamba. Ife taliwerenga ndi maso athu. Chimene chinasowa n'kuuzidwa basi. Yesaya 46:10 akunena kuti Mulungu amalengeza za chimaliziro kuyambira pachiyambi. Iye sadikira kuona kuchuluka kwa oonera, palibe kampani yomudulira ndalama, ndipo palibe munthu angachoke m'nkhani Iye osadziwa. Ndiye pamene simunauzidwe, musafulumire kunena kuti palibe akudziwa.

Tsopano tifike pamene pamaonongeka zinthu. Filimu ikatha mosamveka, anyamata amakhala pansi pa mtengo n'kumapeka mathero awoawo. Zimenezo sizipweteka munthu. Koma tikachita zomwezo ndi imfa ya m'bale wathu, mathero opekawo amakhala ndi dzina la munthu wamoyo. Ng'ona ija imasanduka "yotumidwa". Bambo wofa mwadzidzidzi uja "achita kumupanga". Banja limasonkha ndalama kupita kwa sing'anga kapena kwa mneneri woti "awaonere", ndipo amene walandira ndalama sangabweze anthu chimanjamanja. Amatchula wina, makamaka agogo amasiye okhala okha kumapeto kwa mudzi, kapena m'bale amene munali naye kale pa mkangano wa munda. Nyumba zimaotchedwa, okalamba amamenyedwa, abale osalankhulana mpaka kumanda. Malamulo a dziko lino, kuyambira lamulo la zaufiti la 1911, amaletsa kumunena munthu kuti ndi mfiti. Mulungu anayamba kale kuletsa umboni wonama pa Eksodo 20:16.

Anzake a Yobu, Elifazi, Bilidadi ndi Zofari, anagwa m'mbuna yomweyi. Sanathe kupirira funso lopanda yankho, ndiye anapeka lawo lakuti Yobu anachimwa mobisa. Analankhula mwaluso, zomveka ngati ulaliki. Pa 42:7 Mulungu akuti mkwiyo wake wawayakira chifukwa sananene zoona za Iye monga ananenera Yobu. Taonani bwino pamenepa: amene ankafunsa mpaka kulira ndiye anayamikiridwa, amene anali ndi mayankho okonzeka anafunika kuwapempherera. Yesu nayenso anakana kupeka kotere. Pa Luka 13:4-5 anati anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu inawagwera sanali ochimwa kuposa ena, ndipo pa Yohane 9:3 anakana kuti munthu wobadwa wosaona uja anachimwa iye kapena makolo ake.

Nanga tichite chiyani ndi funso limene latikhalira pakhosi? Vesi lathu lagawa zinthu pawiri, ndipo ntchito ya lero ndi kugawa chimodzimodzi. Tengani pepala, lembani funsolo momwe lilili, osalikometsa. Kenako dzifunseni ngati pali munthu pansi pano amene angayankhe mbali ina yake. Mudzadabwa kuti zambiri zimene timaziika m'gulu la zinsinsi n'zovumbuluka kale, kungoti sitinafunse.

Ngati ndi imfa yadzidzidzi, tengani buku la kuchipatala la malemuyo mukafunse adokotala kuti analembamo matenda anji. BP yokwera imatha kukhala zaka popanda chizindikiro, kenako n'kugwetsa munthu ndi sitiroko usiku umodzi, ndipo imayenda m'banja. Akuluakulu otsala apite akayezetse, n'zamphindi zochepa. Malungo akafika ku ubongo, mwana amakomoka ndi kubwebweta, zimene anthu amazitcha zamatsenga. Ngati ndi ng'ona, dziwani kuti imazolowera malo amene anthu amatunga madzi kapena kuchapa tsiku ndi tsiku, imakonda kugwira mbandakucha ndi chisisira, ndipo yaikazi imalondera mazira ake pafupifupi miyezi itatu m'mphepete mwa madzi. Musataye matumbo a nsomba padooko, musatume ana okha, ndipo kumene kuli mjigo tungani kumjigo. Ngati ndi madzi osefukira, kumbukirani kuti mvula imene imatimiza nthawi zambiri imagwa kumapiri a Mulanje ndi Thyolo, n'kutsika ndi Ruo kukakumana ndi Shire ku Chiromo. Kuno kumwamba kungakhale koyera madzi ali m'njira. Chenjezo likamveka pa wailesi kapena kwa a komiti ya m'mudzi, samukirani kumtunda usiku usanagwe, mapepala ofunika ndi mankhwala zili m'jumbo. Zonsezi ndi zathu ndi ana athu, ndipo kuzinyalanyaza n'kumati "ndi chifuniro cha Mulungu" si chikhulupiriro.

Mukachotsa zimenezo, padzatsala funso limene dokotala kapena mfumu sangayankhe: chifukwa chiyani iyeyo, osati wina? Limenelo musapite nalo kwa munthu wolandira ndalama. Pitani nalo kwa Mwini wake, ndipo musachite manyazi kulinena molimba. Salimo 13 lili ndi mavesi 6 okha, ndipo m'mavesi awiri oyamba Davide akufunsa kanayi kuti "kufikira liti". Liwerengeni mokweza, muikemo dzina la amene munataya. Salimo 88 limatha lili mumdima, popanda vesi lotonthoza, ndipo Mulungu analilola kukhala m'buku lake. Tsiku limene simungathe kunena kuti aleluya, pempherani limenelo. Funso likabweranso pakati pa usiku, musalipititse pa Facebook kumene aliyense adzakupatsani dzina la womuganizira. Uzani mkulu wa mpingo kapena mnzanu mmodzi wosunga pakamwa.

Kwa inu amene lero mukupita kusiwa kapena kukazonda wodwala, chinthu chabwino chimene anzake a Yobu anachita chili pa 2:13: anakhala naye pansi masiku 7 osalankhula. Analakwa atatsegula pakamwa. Musauze namfedwa kuti mukudziwa chifukwa chake Mulungu wachita izi, pakuti simukudziwa. Tengani nkhuni, ufa kapena chidebe cha madzi, khalani nawo, ndipo wina akayamba kunong'ona za amene "wachita", mudule nkhaniyo pomwepo mwaulemu. Mudzabwerenso pakatha masabata awiri, anthu onse atabalalika.

Danieli atamva masomphenya omaliza anati anamva koma sanazindikire, ndipo anauzidwa kuti apite, pakuti mawuwo atsekedwa kufikira nthawi ya chimaliziro (12:8-9). Petro atafunsa za tsogolo la Yohane, Yesu anamubweza ku ntchito yake yomutsata (Yohane 21:22). Onsewa anapitiriza ulendo funso lili m'manja, ndipo 1 Akorinto 13:12 akulonjeza kuti tsiku likubwera limene tidzadziwa mokwanira.

Tipemphere. Atate, tikubweretsa kwa Inu mabanja a ku Chikwawa ndi Nsanje amene mpaka lero sakudziwa kumene abale awo anagona. Agwireni mtima. Tetezani agogo athu ku milomo yopeka, ndipo mutiletse ife kutchula dzina la munthu pa chinthu chimene sitinaone. Patsani nzeru madokotala, mafumu ndi atsogoleri a mipingo amene anthu adzawafunsa mafunso ovuta lero. Sungani asodzi pa Shire, odula nzimbe, amayi opita kudimba ndi ana opita kusukulu pa dzuwa limeneli. M'dzina la Yesu Khristu, Amen.